Magolovesi Achikasu a Mai Sorum

Ukafuna kulidziwa banja, usafunse kuti lakhala limodzi zaka zingati. Ungoliyang'ana likamalowetsa kalavani cham'mbuyo. Ine ndatha nyengo zozizira khumi ndi zinayi kuno kuchipululu cha Arizona, kum'mwera kwa tauni ya Quartzsite, ndipo ndaona maukwati a zaka makumi asanu akugwedezeka chifukwa cha mwala umodzi. Bambo amakhala pachiwongolero, mayi amaima kumbuyo n'kumakupiza manja. Posakhalitsa mawu amakwera, kenako chitseko chimamenyetsedwa. Enafe timakhala titayala kale mipando, khofi ali m'manja, poti kuno kulibe kanema woposa ameneyu.

Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi, ndipo aliyense amalidziwa. Woyendetsa akasiya kumuona mnzake pagalasi, aime pomwepo. Asayambe waganiza kapena kufunsa, angoponda buleki.

Ine ndine Burl. Ndinayendetsa malole zaka makumi atatu ndi zinayi ndisanapume. Ndimakhala ndekha m'kakalavani kakang'ono, chifukwa mkazi wanga anatopa kalekale ndi kudikira pakhomo, ndipo sindimuimba mlandu. Ndanena izi kuti mudziwe kuti pankhani ya chiwongolero sindiuzidwa, ndiponso kuti pakamwa panga anthu a kuno amapadziwa.

Mai Marlys Sorum ndi amuna awo a Orval anayamba kubwera zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Ankachokera ku North Dakota, ulendo wa masiku anayi, kuthawa chipale chofewa ngati tonsefe. Atapuma pantchito anagulitsa nyumba n'kugula pikapu ndi chikalavani chachitali cha makomo awiri, chimene munthu wongoyamba kumene sayenera n'kuchiyang'ana komwe. Malo awo anasankha pafupi ndi anga, pakati pa mtengo waminga ndi khwawa, n'kuwazunguliza miyala yoyera monga timachitira. Polowera pake panali pothina. Ndinawauza chaka choyamba chomwecho, koma Mai Sorum anati akonda mthunzi.

A Orval anagwira ntchito yosankha makalata zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, m'chipinda chapansi chopanda zenera. Maina a matauni a dziko lonseli ankawadziwa pamtima, ndi misewu yake yomwe, koma anali asanapondemo phazi. N'chifukwa chake chiwongolero chinali chinthu chachikulu kwa iwo. M'mawa uliwonse ankapukuta pikapu ija ndi kansalu, ngakhale kuti kuno kupukuta galimoto n'kutunga madzi ndi dengu. Kayendetsedwe kawo kanali ka munthu wa makalata: kosamala, kapang'onopang'ono, koma osadziwa pamene pali matayala akumbuyo. Chodabwitsa n'chakuti chikalavani chija chinkalowa kamodzi n'kamodzi.

Mai Sorum anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene anathera moyo wake akuphikira ana asukulu. Kuno ankadziwika ndi makeke a mandimu amene ankabwera nawo pabwalo nthawi ya folo koloko. Koma ine ndinkaona china. Amayi ambiri amaima pakati penipeni kumbuyo kwa kalavani, pamene galasi silifika, maso ali kudenga. Iwowa ankaima mbali ya woyendetsa, maso ali pamatayala, ndipo ankakhotetsa dzanja kalavani isanayambe n'komwe kupatuka. Ndinaziona zimenezi, n'kunena chamumtima kuti a Orval anawaphunzitsa bwino akazi awo. Nzeru zanga zinathera pomwepo.

Chaka chachisanu ndi chinayi, Mai Sorum anatsika m'galimoto atavala magolovesi achikasu otsukira mbale, ofika m'zigongono. Anakaima pamalo awo a nthawi zonse n'kuyamba kukupiza manja mokweza kuposa kale.

"Mai Sorum, mbalezo zili pati?" anafunsa Mai Fern, mayi wamasiye wa ku Idaho amene mawu sagona nawo. "Kapena mwayamba kutsuka mphepo?"

"Fumbi likundisweketsa manja, anzanga," anayankha motero osatembenuka.

Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma galu wamkota sakandira pachabe. M'masabata otsatira ndinayamba kuona tinthu. A Orval ankandidutsa osapereka moni mpaka nditalankhula ndine. Polankhula nawe ankayang'ana khutu lako. Tsiku lina anathira khofi patebulo, kapu ili pambali, ndipo akazi awo anangokankhira kapuyo pansi pa ketulo nkhani ili m'kamwa.

Ndinatsimikiza tsiku limene anandipatsa lifiti yopita kutauni, galimoto yanga itafa batire. Ndinakhala kumbuyo. Mai Sorum anali ndi zoluka m'manja, koma singano sizinkayenda.

"Roboti yafiira, bambo. Yambani kuima," ankatero motsitsa mawu, ngati akuwerenga mndandanda wa zokagula. "Tiyeni tsopano. Kutsogoloku kuli wanjinga, senderani kumanzere pang'ono. Basi, mwamudutsa."

Ndayenda m'misewu yoterera ndi madzi oundana, ndatsikapo phiri mabuleki atatha, koma tsiku limenelo ndinatsika m'galimoto ndikulumbira kuti sindidzakweramonso. Ndinali ndi mantha, ndipo mantha aja atatha ndinapsa mtima.

Mawa lake ndinawapeza Mai Sorum akuyanika zovala kuseri kwa kalavani. Amuna awo anali mkati, wailesi ikulira.

"Mayi, amuna anu sakuona," ndinatero.

"Akuona m'mbalim'mbali. Pakati ndi pamene pada."

"Pakatipo ndi pamene pamakhala msewu."

Anayanika malaya ena awiri asanayankhe. Kenako anandiuza kuti dokotala anawapima chaka chatha, n'kunena kuti nthendayi ilibe mankhwala obwezera maso. Mwana wawo Joleen, amene ndi namwino ku Fargo, anali asakudziwa. Iyeyo anali atanena kale poyera kuti tsiku limene bambo ake adzalephere kuyendetsa, kalavani idzagulitsidwa, ndipo chipinda anali atawapezera kale kunyumba yosungirako okalamba.

"Ndinakachiona chipindacho, a Burl. N'chaukhondo, koma mazenera ake satseguka. Bambowa akhala m'chipinda moyo wawo wonse. Mukufuna ndikawabwezeremo ine?"

"Chimene ndikufuna ine n'chakuti musaphe mwana wa eni pamsewu."

"Ndikudziwa," anatero. "Musaganize kuti ndimadya chakudya chikukoma. Ndipatseni mpaka Malichi."

"Mpaka kutha kwa Januwale. Zikapitirira, Joleen ndimuimbira ndine, mudane nane ngati mufuna."

Tinagwirizana kuti a Orval asakwerenso msewu waukulu. Zakutauni ndinkawatenga ndine, n'kumanamizira kuti ndikusowa wocheza naye panjira. Chotsala chinali ulendo wa masabata awiri alionse, wokoka kalavani kukataya madzi oipa ndi kukatunga abwino, mtunda waufupi pamsewu wafumbi. Umenewu a Orval sakanalola munthu kuwalanda. Tsono ndinachita chimene mwamuna wodzimva ngati ine amachita, ndinadzipereka kuwaphunzitsa Mai Sorum kuyendetsa.

Masiku atatu otsatizana ndinawakhazika patebulo panga. Ndinatenga bokosi la machesi kukhala pikapu, paketi ya mabisiketi kukhala kalavani.

"Dzanja muziika kunsi kwa chiwongolero, mayi. Kumene lapita dzanja, n'kumene apite matako a kalavani. Musachite mantha, poyamba aliyense amalakwitsa."

"Oo, zimatero kodi?" ankayankha, manja ali pamiyendo. Pochoka ankandisiyira keke. Koma ndikati tikayese pagalimoto yeniyeni ankakana, amvekere, "Akangomva injini ikulira iwo asali m'menemo, mtima wawo usweka."

Zinachitika Lachitatu lina pakati pa Januwale. Anali akuchokera kotunga madzi, folo koloko itangokwana, ife titayala kale mipando. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi, ndipo dzuwa litapendeka linkawomba pagalasi la woyendetsa. Mai Sorum anatsika, anavala magolovesi aja, n'kukaima pamalo awo. Kalavani inayamba kubwerera bwinobwino. Pobwerera nayo chafutambuyo, mayiwo anaponda umodzi wa miyala yoyera ija. Mwala unagubuduka, iwo n'kugwa chagada m'njira ya tayala.

Kalavani sinaime. Inapitirira pang'onopang'ono, mosamala monga mwa kayendetsedwe ka a Orval. Mai Fern anakuwa. Ine sindikumbukira kuti ndinanyamuka bwanji ndi mawondo angawa, koma ndinapezeka ndikumenya chitseko cha pikapu ndi manja onse awiri. Galimoto itaima, tayala linali litatsala chikhatho chimodzi kuti liponde phazi la mayi aja. Kalavani inali itapindika n'kutseka msewu wonse, ndipo magalimoto ena atatu anali ataima kudikira.

A Orval anatsika n'kuyenda chopapasa m'mbali mwa kalavani.

"Amake Joleen, muli pati?"

Mayi aja anali atakhala pansi kutsogolo kwawo, mapazi atatu okha, kunja kukuwala bwinobwino. Chinsinsi chimene mayi aja anachisunga chaka chathunthu chinali chitagwera pamchenga aliyense akuona.

"Ndili pano, bambo. Sindinavulale."

Ine mkwiyo unali usanatsike. "Lamulo mukulidziwa, a Sorum. Munasiya kuwaona pagalasi. Simunaime bwanji?"

"Ndikanati ndiziima ndikapanda kuwaona, a Burl, bwenzi ndisanasunthe chiyambire Novembala," anayankha akuyang'ana khutu langa. "Ndimangoona chinthu chachikasu chikuyenda. Lero paliponse panali pachikasu."

Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma iyi inatsala pang'ono kufetsa mnzake. Ndinawakwiyira mkuluyu, komanso ndinawamvera chisoni kwambiri, nditawaona ataima pamenepo chipewa chitapendekera kumbali. Anapisa m'thumba n'kutambasulira makiyi kumene ankaganiza kuti ndaima.

"Ilowetseni, achimwene. Mawa mumuimbire mwana uja, abwere adzatitenge."

Ndinatambasula dzanja, koma golovesi wachikasu anafika poyamba. Mai Sorum anali atadzuka, akutsimphina pang'ono, mchenga uli m'tsitsi. Anaika makiyi m'thumba la siketi, anavula magolovesi aja, n'kuyamba kuwaveka amuna awo chala chimodzichimodzi.

"Kaimeni pamtengo paja, bambo, mbali ya woyendetsa."

"Ndikaonako chiyani ine?"

"Sindinati mukaone. Ndati mukaime. Pagalasi pakapanda munthu ine sindisuntha, ndiye mukufuna anthuwa agone pamsewu?"

Anawagwira mkono mpaka pamtengo, n'kuwatembenuza kuti ayang'ane kumene kuli galimoto. Mai Sorum atakwera pachiwongolero, ine ndinathamangira pawindo kuti ndiwakumbutse phunziro lathu.

"Mayi, dzanja kunsi kwa chiwongolero. Musafulumire. Mukaona kuti..."

"Tasenderani uko, a Burl, ndingakupondeni zala."

Anasunthira mpando kutsogolo. Anakonza galasi la kumanzere, anandituma kukonza la kumanja, n'kundibweza kawiri kuti sindinaliike bwino. Kenako anapita patsogolo pang'ono kuwongola kalavani, analowetsa giya yobwerera, chigongono chili pawindo. Chikalavani chija chinadutsa pakati pa mtengo ndi khwawa osagwedeza nthambi, n'kukaima matayala ali pamatabwa omwe chinachokapo masana. Ine zaka zanga zonse za pamsewu, pamalo pajapo ndikanabwereza kawiri.

"Aphunzitsi, ophunzira anuwa ndi amutu," anatero Mai Fern mokweza kuti onse amve. "Masiku atatu okha, ndi bokosi la machesi."

Pabwalo panabuka chiseko chimene chinatimasula tonse. Ine ndinaseka nawo, poti ndikanachitanso chiyani. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Nkhani yonse ndinaimva patapita masiku awiri, nditawapititsira mankhwala opaka pachiuno. Mai Sorum anabadwira pafamu ya tirigu, ana anayi aakazi okhaokha, iwo ndiwo oyamba. Bambo awo analibe mwana wamwamuna woti amukweze pathirakitala. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankalowetsa kale ngolo za tirigu cham'mbuyo m'shedi ya khomo lothina, ndipo atakula ankayendetsa lole nyengo iliyonse yokolola mpaka tsiku la ukwati wawo.

"A Orval ankadziwa zimenezi?"

"Anandiona koyamba ndili pa lole."

"Nanga zaka zonsezi mumaimiranji pafumbi n'kumakupiza manja?"

"Tsiku limene tinakagula galimotoyi, bambowa anakwera n'kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri, wogulitsa akulankhula iwo osamva. Ndinangozungulira n'kukakhala mbali inayo. Ine ndinali nditayendetsa kale zondikwanira. Iwo anali asanayambe."

"Ndiye maphunziro anga aja?"

"Munkaphunzitsa bwino, a Burl. Munangolakwitsa pawiri."

Sindinafunse kuti pati.

Joleen anamuimbira okha mayiwo, madzulo a tsiku lomwe lija. Anafika patatha sabata, mapepala a nyumba ya okalamba ali m'chikwama, nkhope ili yokonzeka kukangana. Iyeyu mayi ake ankangowadziwa pa kagalimoto kopitira kutchalitchi. Mai Sorum sanatsutsane naye. Anamukweza m'pikapu, kalavani ili kumbuyo, anapita naye pamsewu waukulu mpaka ku Yuma n'kubwerako. Atatsika, Joleen anakhala pamwala nthawi yaitali. Kenako anaika malamulo ake: bambo akabweze chiphaso choyendetsera, azionana ndi dokotala wamaso, ndipo foni izilira Lamlungu lililonse. Mapepala aja anabwerera nawo, koma ananena kuti sawang'amba.

Chovuta sichinali Joleen, anali a Orval. Masiku asanu sanatuluke m'kalavani. Pikapu inachita fumbi mpaka Mai Fern anajambulapo nkhope ndi chala. Nditapita kukawaona ndinawapeza atakhala pabedi, makatani ali otseka.

"Ndasanduka katundu, achimwene," anatero. "Katundu amakhala paliponse. Kaya kuno, kaya ku Fargo, n'chimodzimodzi."

Amene anayankha ndi akazi awo, ali pasinki, osatembenuka. Ananena kuti mwezi wa Malichi akufuna kudzera njira ina popita kumpoto, koma mapu amawazunguza mutu, ndipo sakudziwa kuti ukachoka ku Kingman umalowera kuti. A Orval anawongoka pabedi paja. Kenako anayamba kutchula matauni, limodzi ndi limodzi, mpaka anafika ku North Dakota osadumpha. Kaya mayi aja mapu amawavutadi, ine sindikudziwa, ndipo ndinaphunzira kusafulumira kuwaweruza. M'mawa mwake ndinamva kansalu kakukhula pikapu.

Chaka chino afika sabata yachiwiri ya Novembala, folo koloko ili pafupi. Maso a mkulu uja aipiraipira, tsopano amazindikira munthu ndi mawu basi. Mai Sorum anaimitsa galimoto, anatsika, anawaperekeza amuna awo mpaka pamtengo paja, n'kubwerera pachiwongolero. A Orval anatulutsa magolovesi achikasu m'thumba la jekete, anavala mosafulumira, n'kukweza manja. Amakupiza ndi mtima wonse, ngati munthu wodziwa ntchito yake, ndipo pa zizindikiro zawo zonse palibe ngakhale chimodzi cholondola.

"A Sorum, mukuitana ndege kodi?" anafunsa Mai Fern.

"Khalani chete, mayi inu, anthu tili pantchito," anayankha motero manja ali m'mwamba.

Kalavani inali itadutsa kale pothina paja, kutatsala kungowongola. Mphepo inabwera kuchokera kukhwawa n'kuwaulutsira chipewa pansi. A Orval anawerama n'kuyamba kupapasa pamchenga.

Pomwepo chikalavani chonse chija chinaima. Kumbuyo kwake kunalibe kanthu, ndinkaona ndi maso angawa, ndipo mayi aja akanatha kumaliza atatsinzina. Injini inkangolira, chigongono chili pawindo, nkhope ili pagalasi. Ndinadzuka kuti ndikatole chipewa chija, koma Mai Fern anandigwira malaya n'kundikhazikanso pansi.

A Orval anapapasa kumanzere, anapapasa kumanja, mpaka anachipeza chitakodwa paminga. Anachikung'untha pabondo, anachivala, anaimirira n'kukweza manja achikasu aja. Matayala anayambanso kuyenda.